BAMBO BROWN, WANSEMBE WOFUFUZA MILANDU



Pamene tinapemphedwa kuti tilankhulepo pa chikondwerero chino, ena anadabwa pakumva kuti tasankha kukamba za sewero la pa kanema. Mutilole tifotokoze, pakuti m'seweroli muli kanthu kotikhudza ife amene timayenda m'makomo kukacheza ndi odwala ndi anamfedwa, ndipo timamva zambiri zosayenera kuzitulutsa.

Dzina lake ndi Father Brown, ndipo a BBC a ku England anayamba kulionetsa m'chaka cha 2013. Bambo Brown ndi wansembe wa Katolika wa m'mudzi wopeka wotchedwa Kembleford, m'zaka za m'ma 1950. Amayenda pa njinga yakapalasa atavala mkanjo wakuda, ambulera ili m'manja. Amene amasewera ngati wansembeyo ndi Mark Williams, yemwe ana athu akumdziwa m'mafilimu a Harry Potter. Kawirikawiri munthu amapezeka ataphedwa, apolisi nagwira wosalakwa, tsono wansembe ndiye amatulukira mwini mlandu.

Anayamba kulemba nthano zimenezi ndi G. K. Chesterton, m'chaka cha 1910, iye asanakhale Mkatolika. Anali ndi bwenzi lake wansembe, Bambo John O'Connor. Tsiku lina akuyenda awiriwo, wansembeyo anamuuza za zoipa zina zimene anthu amachita, zoti Chesterton, ngakhale anali mtolankhani wa mu London, anali asanazimvepo. Atafika kunyumba anapeza anyamata awiri ophunzira ku Cambridge, ndipo wansembe atatuluka panja, mmodzi anati ansembe ndi anthu obisika osadziwa kuipa kwa dziko. Chesterton anangotsala pang'ono kuseka. Anaona kuti munthu amene amakhala pansi chaka ndi chaka kumvetsera anthu akulapa, amadziwa mtima wa munthu koposa wapolisi. Bambo Brown anabadwira pamenepo.

Nzeru ya wansembeyu siili pa zidindo za zala ai. Iye amamvetsera, ndipo amadzifunsa kuti, ndikanakhala ine, chikanandifikitsa pakupha munthu nchiyani? Nsanje kodi, ngongole, manyazi, kapena mantha? Sadziyesa woyera kuposa wakuphayo, nchifukwa chake amamzindikira msanga. Apa, amai anzathu, ife timapunthwa. Mwana wa mnzathu akagwidwa ndi apolisi, mau oyamba kutuluka pakamwa pathu ndi akuti wanga sangachite zimenezo.

Kumbukirani kuti m'zaka zimenezo wopha munthu ku England ankanyongedwa. Omaliza ananyongedwa mu 1964. Chotero Bambo Brown akatulukira wolakwa sathamangira ku polisi. Amayamba wakumana naye payekha, nthawi zina wakuphayo ali ndi mfuti m'manja, namdandaulira kuti alape ndi kukadzipereka yekha, pakuti akudera nkhawa mzimu wake komanso munthu wosalakwa uja ali m'chitokosi. Ndipo zimene wamva polapitsa sangaziulule, ngakhale wapolisi amkalipire chotani. Pena timaonera mtima uli m'mwamba: wansembe akudziwa zonse, koma pakamwa pali potseka, ndipo ayenera kufuna njira yina yopulumutsira wosalakwayo. Tisabise, seweroli limapeputsa zinthu, chifukwa njira imapezeka nthawi zonse mphindi 45 zisanathe. Kunja kuno kusunga chinsinsi kumawawa koposa apo.

Tsono pali mai mmodzi amene tikamuona timaseka, kenaka nkuchita manyazi. Ndiwo Mai McCarthy, mlembi wa parishi, amene anakhala m'seweroli kufikira 2022. Ndi mai wolimbika, wosajomba kutchalitchi, wonyadira masikono ake amene anapata nawo mphotho. Koma nkhani ikangomveka m'mudzi, iwo aweruza kale, ndipo kangapo konse amapezeka kuti anaweruza molakwa. Komabe wansembe sawataya, pakuti maiwo amadziwa banja lililonse, ndipo tsoka likagwa amakhala oyamba kufika ndi chakudya. Sititchula maina, koma tikuona ena akugwedeza mitu kumbuyoko.

Timalize ndi mbala ija yotchedwa Flambeau. M'nthano yoyamba inadzisandutsa wansembe kuti ibe mtanda wasiliva wa miyala yamtengo wapatali umene Bambo Brown ananyamula. Wansembe anaizindikira, nayenda nayo tsiku lonse mu London akusiya zizindikiro, monga kusinthanitsa mchere ndi shuga m'nyumba yodyera, kuti wapolisi awatsate. M'mabuku a Chesterton, Flambeau pambuyo pake analeka kuba nasanduka bwenzi lake la wansembeyo. Naye Chesterton analowa mu Mpingo wa Katolika mu 1922, patapita zaka 12 chilembere nthano yoyamba ija, ndipo anamlandira ndi Bambo O'Connor omwewo.