Mutu Wosamva Panado: HIV ndi Kutupa kwa Ubongo

Lero tikambirane za ubongo.

Tonse tikudziwa kuti kachirombo ka HIV kamafooketsa chitetezo cha m'thupi. Koma dziwaninso kuti kamalowa mu ubongo msanga, munthu akadali wojintcha. Ubongo uli ndi mpanda wake wotchinga zoipa za m'magazi. Thupi likamalimbana ndi kachiromboka limatulutsa timadzi totchedwa ma enzaimu, monga ina yotchedwa MMP-9. Timadziti tikachuluka timadya mpanda uja ngati chiswe pa nsichi za khola, ndiye ubongo umayamba kutupa. Ochita kafukufuku amayeza ma enzaimu amenewa m'madzi a pamsana kuti adziwe mmene kutupako kwakulira.

Ife kuno m'tsinde mwa phiri la Michesi makina otero tilibe, koma maso tili nawo. Taonani zizindikiro izi: mutu wopweteka masiku angapo osamva panado, khosi kuuma, kusanza, maso kudana ndi kuwala, kuiwalaiwala, kuyankhula zosagwirizana, kukomoka. Munthu akayamba zimenezi musathamangire kunena kuti wapenga kapena amulodza. Mukamazungulira naye kwa asing'anga, matendawo akukula.

Matenda oopsa kwambiri pamenepa ndi oumitsa khosi obwera ndi kafangasi kotchedwa Cryptococcus, kopezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame. Tonse timakapuma, koma kamagwetsa munthu amene CD4 yake, yomwe imasonyeza mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, yatsika pansi pa 200. Achipatala amatha kukapeza m'magazi mutu usanayambe n'komwe, n'kupereka mankhwala a fluconazole.

Tsopano nkhani yomwe ambiri mumaiopa: kutenga madzi a pamsana. Ndimamva anthu akuti, "Akakubaya pamsana sudzukanso." Abale anga, chimapha munthu ndi kuchedwa. Ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, ndiye mlandu timaupatsa jakisoni. Kuchotsa madziwo kumasonyeza dokotala matenda enieni, komanso kumachepetsa kuthinana kwa m'mutu, wodwala n'kupeza mpumulo. Dokotala akapempha chilolezo, vomerani.

Mankhwala alipo. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zinachita nawo kafukufuku wotchedwa AMBITION, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njira yatsopano: mankhwala amphamvu a m'diripi kamodzi kokha, kenako mapiritsi. Amalawi anzathu anathandiza dziko lonse pamenepa.

Chotchinjiriza chachikulu ndi ma ARV, omwe boma limapereka ulere kuyambira 2004. Imwani tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi bakitirimu ngati anakupatsani, ndipo muziyezetsa kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Ngati munasiya mankhwala, kaya pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 kapena pa chifukwa china, bwererani. Kafotokozeni zoona kuti akuyezeni CD4, makamaka ngati mutu ukupweteka, musanayambirenso kumwa.

A mfumu, pempho langa ndi ili: mudzi uno ugwirizane za njinga yonyamulira wodwala wotere tsiku lomwelo, kupita kuchipatala cha ku Migowi, cha Holy Family kapena kuchipatala chachikulu cha boma. Achinyamata a kabaza, tithandizeni pamenepa.

Tsopano amene ali ndi funso aimike dzanja, tiyambire kwa amayi.