Galu Wanu ndi Dzala Lanu

Lero tikambe za galu ndi za dzala. Mwina mufunsa kuti, "Kodi ziŵirizi zigwirizana pati?" Tamverani.

Msika wa pa Linthipe ukatha madzulo, anthu amapita kwao, agalu amafika. Amadzatola mafupa ndi zotsala pa chiwaya. Ena ndi a m'mudzi mwanu, ena achokera kutsidya kwa mtsinje. Amalimbirana chakudya ndipo amalumana. Zomwezi zimachitika usiku pa dzala la kuseri kwa nyumba yanu. M'maŵa galu yemweyo ali pakhonde kuseŵera ndi mwana wanu. Umu ndi m'mene chiwewe chimaloŵera pakhomo.

Chiwewe chimakhala m'malovu a nyama yodwala. Chimaloŵa m'thupi galu akakulumani, akakukandani, kapena akanyambita pa bala. Kaŵirikaŵiri pamapita miyezi iŵiri kapena itatu munthu ali bwinobwino. Bala limapola, iye nkuiŵala. Kenaka amayamba kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu. Zikafika apa palibenso dotolo amene angamchiritse. A bungwe la zaumoyo la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chiri chonse pa dziko lonse. Mwa anthu 10 ali onse, anai amakhala ana.

Choncho galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 nzambiri, manja amatopa, koma musaleke. Musapakepo tsabola, phulusa kapena zitsamba. Mukatha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Akakuuzani masiku obwereranso ku jekeseni, alembeni. Kulemba mukudziŵa tsopano. Galu wolumayo mmangeni masiku 10, ndipo uzani alangizi a ziŵeto.

Ndimve wina akuti, "Wanga ndi wofatsa, sanalumepo munthu." Chabwino. Koma kodi anabaitsa katemera? Galu abaidwe chaka ndi chaka, ndi tiana tomwe, amphakanso. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 ali onse akabaidwa, chiwewe chimasoŵa poyenda. Pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira za matendaŵa, koma inu musadikire tsikulo. Alangizi akalengeza za katemera, mangani galu chingwe mupite naye. Akulu anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ameneyo ndiye akhale woyamba pa mzere!

Chinanso, tizinena zoona, ambiri a ife agalu sitiŵadyetsa. Timati adzionera yekha. Nanga akadzionera kuti? Ku dzala, ku msika, ku khola la nkhuku la mnzanu. Maŵa muli pa bwalo la amfumu kulipira mlandu. Ngati simungathe kudyetsa agalu atatu, sungani mmodzi. Muzimpatsa mkute ndi madzi, ndipo azigona mkati mwa mpanda.

Tsono tibwerere ku dzala. Kumbani dzenje la zinyalala lofika m'chiuno, kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposa. Mukataya zotsala za chakudya, thirani dothi kapena phulusa pamwamba. Galu, khoswe ndi ntchentche sizidzamvanso fungo. Litchingeni ndi mitengo kuti mwana wokwaŵa asagweremo. Likadzaza, kwirirani, mubzalepo nthochi, mukumbe lina.

Si zonse zoyenera kuloŵa m'dzenje limeneli. Makoko a mbatatesi, masamba ndi ndowe ndi manyowa a kudimba. Magalasi osweka, malezala ndi mabatire akutha, kwirirani paokha mozama. Mateŵera a ana aja ogula m'sitolo, agalu amaŵakonda kwambiri, amaŵakokera mpaka pabwalo. Chimbudzi cha mwana chitayeni m'chimbudzi, theŵeralo mulikwirire nthaŵi yomweyo. Majumbo musaŵasiye kuuluka, pakuti mbuzi kapena ng'ombe ikameza jumbo imaonda mpaka kufa.

Botolo la mankhwala opopera tomato ndi mbatatesi ndilo limandidetsa nkhaŵa koposa. Ndinapeza lina pa nyumba ina, muli mchere. Ai ndithu, anzanga. Litsukeni katatu, madziwo muthire m'chopopera, kenaka liboŵoleni kuti wina asalitole. Funsani alangizi a zaulimi koyenera kulitaya.

Ndipo mumtsinje musatayemo kanthu. Madzi a Linthipe amatsika mpaka ku Salima, nkukathira m'nyanja. Pa njira yonseyo anthu amamwa, amachapa, amasamba. Kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno.

Mvula isanayambe, a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi adzayenda nyumba ndi nyumba kuona maenje. Musaŵalandire ndi mau oŵaŵa, ndinu munaŵasankha. Ndipo pobwera ku kalasi sabata yamaŵa, amene muli ndi kapepala ka katemera wa galu mubwere nako. Tidzaŵerengera limodzi tsiku limene analembapo.