Mwana Akatuluka m'Chipatala Ntchito Sinathe

(Mau amene analankhula Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero chathu)

 Ine si namwino ai, sukulu ndinalekezera ku pulaimale. Koma nkhani ndili nayoyi ndinaiphunzira ndi misozi.

Chaka china, dzinja lili mkati, mwana wa mlamu wanga wa zaka ziwiri anadwala malungo. Zikhatho zinayera mbee, m'zikope momwemonso. Kuchipatala anati magazi achepa, ndipo anamuika magazi. Atatuluka anayamba kudya ndi kusewera, tonse tinati wachira. Isanathe miyezi iwiri anadwalanso usiku, natisiya tili panjira yopita kuchipatala.

Pambuyo pake azaumoyo anandifotokozera chimene chimachitika. Tizilombo ta malungo timaononga magazi. Mwana angakhale amuike magazi, thupi lake limatenga miyezi kuti libwerere mwakale. Tsono udzudzu sudziwa kuti mwanayu wangotuluka kumene. Ukamlumanso, malungo amapeza magazi ali ochepa kale. Nchifukwa chake miyezi yoyambirira mwana atatuluka ndi yoopsa kwambiri.

M'chaka cha 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ana otere, m'maiko a malungo ambiri, azipatsidwa mankhwala owateteza akatuluka. Kafukufuku wina wa nkhaniyi anachitikira konkuno, pa chipatala chachikulu cha Zomba. Ana osakwana zaka 5 ankamwa mankhwala pakatha masabata 2, masabata 6 ndi masabata 10 chitulukire, ulendo uliwonse masiku atatu otsatana. Anapeza kuti amai amene anapatsidwa mankhwala onse kupita nao kunyumba anamwetsa ana ao mokhulupirika kuposa amene anauzidwa kuti azibwera kudzatenga mwezi ndi mwezi. Mwaonatu amai, ntchitoyi ili m'manja mwathu.

Koma kumwetsa mankhwala mwana amene akuthamanga pabwalo nkovuta. Mai ali kumunda, ali kumaliro, tsiku lija lapita. Wina amati mwana wachira, nabisa mapiritsi m'sutikesi kudikira tsiku lina. Wina amagawirako mkulu wake amene watentha thupi. Apa mpamene ife tingathandize.

Choyamba, tikamapita kukazonda mwana wotuluka m'chipatala tisangosenza ufa ndi nkhuni. Tifunsenso kuti, "Kodi anakupatsani mankhwala opita nao kunyumba? Anati ayambe liti?" Ngati sanapatsidwe, tiwalimbikitse kukafunsa adokotala kapena alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwao. Asakagule okha pagolosale.

Chachiwiri, m'chigawo chilichonse tisankhe mai mmodzi woyandikana nao kuti akhale wokumbutsa. Alembe masiku pa kalendala, ndipo tsikulo likakwana apiteko m'mawa anthu asananyamule makasu. Apite masiku onse atatu, pakuti tsiku loyamba ambiri amakumbuka, lachiwiri ndi lachitatu ndiwo amaiwalika.

Chachitatu, tiwaonetse kamwetsedwe. Piritsi liphwanyidwe pa supuni ndi madzi oyera pang'ono, mwana akhale tsonga pamiyendo, amwe pang'onopang'ono. Chizolowezi chathu chija chomgoneka chagada ndi kumtsina mphuno tichileke, mwana angatsamwe. Akasanza nthawi yomweyo, kauzeni azaumoyo tsiku lomwelo kuti akuuzeni chochita.

Chachinayi, abambo ndi agogo a mwanayo adziwe pamene pali mankhwala ndi masiku ake. Mai akachoka mwadzidzidzi, mwana asalumphitse. Ndipo mankhwala a mwana uyu ndi a mwana yemweyu basi.

Mankhwalawa salowa m'malo mwa neti. Mwana azigonabe m'neti usiku uliwonse. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'Malawi muno m'chaka cha 2019, tsono pitani kusikelo mukafunse ngati mwana wanu ayenera kulandira. Thupi likatentha, kapena zikhatho zikayambanso kuyera, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche kawiri.

Amai anzanga, ife timadziwika ndi kuyendera odwala ali gone. Tiyeni tiphunzirenso kuyendera amene akuoneka ngati achira. Tikadadziwa zimenezi chaka chija, mwina mlamu wanga sakadabwerera kunyumba ndi nsalu yokha.