Ulendo wa thabwa lisanakhale skirting: mawu kwa amisiri ndi omanga nyumba



Ambiri a inu mukumanga ku Machinjiri, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Nyumba ikafika kumapeto mumafuna timatabwa tokongoletsa tija: skirting ya m'munsi mwa khoma, cornice ya pamene khoma lakumana ndi siling'i, ndi tozungulira mafelemu a zitseko. Ndikufuna tione mmene timatabwati timapangidwira, chifukwa ndalama zanu zambiri zimatayikira pomwepo.

Paini wambiri amene timagula mu Blantyre amachokera ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndiponso ku phiri la Zomba. Chipika chikangochekedwa, thabwa limakhala lodzaza madzi. Mmisiri wodziwa ntchito amasanja matabwa pamthunzi, pamwamba pa njerwa, n'kuika timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa. Thabwa la inchi imodzi limafuna milungu ingapo m'chilimwe, ndipo m'dzinja limachedwa kuposa apo. Mafakitale amaumitsa m'mauvuni apadera mpaka chinyezi chitsike kufika pafupi ndi 12 peresenti.

Changu chimatipweteka pamenepa. Thabwa laliwisi limapalika bwino ndithu, limanyenga maso, koma likamauma lili kale pakhoma limafota, kupindika ndi kung'aluka pamisomali. Inenso zinandionekera kunyumba kwanga: miyezi itatu isanathe, mipata ya pakona inali yolowa chala. Choncho pogula nyamulani thabwalo. Likakhala lolemera ndi lozizira, lisiyeni.

Likauma, thabwa limapalidwa mbali zonse zinayi, kenako limachekedwa m'litali kukhala timizere. Mmisiri amachotsa pamene pali mfundo zogwedera. Timizereto timapita pa makina a spindle, amene ali ndi mipeni yonoledwa molingana ndi maonekedwe amene mukufuna. Mipeniyo imazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, n'kusema mzere wonse mofanana. Zotsala ndi sandipepala, mankhwala oteteza ku chiswe ndi anankafumbwe, ndi vanishi kapena penti.

Kwa inu amisiri a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, makina amenewa sasiyanitsa thabwa ndi chala. Kankhani thabwa ndi kamtengo, ndipo wophunzira ntchito asawayendetse ali yekha. Utuchi nawo musatayire m'ngalande kapena mu mtsinje wa Nasolo ndi wa Mudi, chifukwa mvula ikagwa umatseka njira ya madzi, ndipo amene amavutika ndi anzanu okhala kumunsi. Oweta nkhuku amaufuna, opanga mabriketi ophikira nawonso amagula.

Chomaliza ndi gwero la matabwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limalanga wogulitsa ndi wosunga matabwa odulidwa mosaloledwa. Wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje, dziwani kuti mtengowo ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu. Funsani chiphaso cha ku Dipatimenti ya za Nkhalango musanapereke ndalama.