Zotsekemera za m'Cigwa Cathu

Mau amene mphunzitsi wina wa m'boma la Mambwe analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi.

Ndiri mwana pakati panu. Alipo ena muno amene anagwira coko ine ndisanabadwe. Tsono ndikaphonya pena, mundikonze monga mukonzera ana anu. Nkhani yanga ndi ya pamoto, ya mphika ndi mthiko, ndipo wina angafunse kuti yadzatani pa msonkhano wa aphunzitsi. Ndipempha mundilezere mtima kufikira nditatsiriza.

Caka catha amai anga anauzidwa ku cipatala kuti ali ndi nthenda ya shuga. Mbale wathu wina wa ku Lusaka, pomva cisoni, anawatumizira kabotolo ka manyuci ofiirira ngati uci, nati ndi madzi a mmera wochedwa agave wa ku Mexico, ndi kuti popeza ndi acilengedwe, wodwala shuga angathire mu tiyi osaopa kanthu. Mtengo wa kabotoloko unaposa wa mapaketi angapo a shuga. Pambali pace panali cithunzi ca mmerawo. Amai atacipenyetsetsa anati, "Mwanawe, ameneyu si khonje kodi? Nanga khonje anayamba liti kudyedwa?" Ine, mphunzitsi wa satifiketi, ndinasowa cowayankha.

Colakwa canga cacikulu cinali cakuti ndinanyamula botololo kukalionetsa m'kalasi ndisanadziwe bwino za ilo. M'mawa mwace ndinapeza anyamata awiri ali kulira, manja ndi milomo ziri kuyabwa, pakuti anadula tsamba la khonje wa ku mpanda wa sukulu nafinya madzi ace kuti alawe. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma tsiku limenelo amene sanafunse ndinali ine, ndipo phulalo anadya ndi ana. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa kwa anamwino, kwa akulu a m'mudzi ndi m'mabuku, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndabwera nazo.

Amai sanalakwe. Khonje ndi agave ndi a pfuko limodzi, ndipo onse awiri kwao ndi ku Mexico. Khonje wathu anafika kum'mawa kwa Afrika m'caka ca 1893, pamene Mjeremani wina dzina lace Richard Hindorf anabwera ndi timbeu tace ku dziko limene lero tilicha Tanzania. Nchito yace ndi zingwe ndi mpanda. Madzi ace ndi oyabwa, sadyedwa. Manyuci a m'botolo acokera kwa mbale wace wina amene alimidwa kwambiri m'dera la Jalisco. Mmera umenewo ukula zaka 7 kapena kuposapo; pamenepo ausadza masamba, natenga mtima wace wonga cinanazi cacikulu, naufinya m'makina, naphika madziwo kufikira asanduka shuga wa mtundu wochedwa fructose. Shuga ameneyu sakwera msanga m'mwazi, ndico cifukwa cace amalonda amtama. Koma apita ku ciwindi, ndipo akacuruka ciwindi cimsandutsa mafuta. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Manyuciwa si poizoni, komanso si mankhwala: ndi shuga wobvala malaya acilendo.

Apa ndipo pagona phunziro langa loyamba, lakuti mau akuti "cacilengedwe" sasandutsa shuga kukhala cinthu cina. M'caka ca 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asapose gawo limodzi la magawo 10 a mphamvu imene munthu alandira m'cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiwo masupuni a tiyi ngati 12, ndipo linati nkwabwino koposa kutsika kufika pa 6. Powerenga masupuni amenewa bungwelo liphatikizapo uci, manyuci ndi madzi ofinya m'zipatso. Koma cipatso codya cathunthu ndi nkhambi zace silicowerengera. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zozizira za m'sitolo lingakhale ndi masupuni 8 kapena 9. Taganizani za mwana amene m'mawa wacoka kwao wosadya, napatsidwa ndalama ya maswiti ndi zoziziritsa za m'timapepala: pofika ora lacitatu agona pa desiki, ndipo mano ace ayamba kubooka asanatsirize sukulu.

Sindinena kuti shuga wa m'sitolo ndi mdani. Wambiri acokera ku minda ya Nakambala ku Mazabuka, ndipo kuyambira m'caka ca 1998 lamulo la dziko lino lifuna kuti shuga wogulitsa ku mabanja athiridwe vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza thupi. Koma shuga afuna ndalama, ndipo tidziwa tonse kuti m'miyezi ya njala ndalama m'mudzi isowa. Tsono funso ndi ili: kodi makolo athu Akunda, asanaone sitolo, anali kutsekemeretsa ndi ciani? Ndichula zinai.

Coyamba ndi uci. Makolo athu anali kutsata mbalame ya nsadzu kufikira pa mphako ya njuci, nasiyira mbalameyo zisa zace. Ana ena ayesa nthano cabe. Muwauze kuti m'caka ca 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anaonetsa poyera, atayenda ndi Ayao ofula uci ku Niassa m'dziko la Mozambique, kuti mbalameyi izindikira kuitana kwa ofula uci, ndipo ikamva kuitanako iwatsogolera kawirikawiri koposa. Nzeru ya agogo athu yabvomerezeka m'masukulu akulu.

Koma mafulidwe akale ali ndi mabvuto ace lero. Wofula uci agwetsa mtengo waukulu cifukwa ca cigubu cimodzi, natentha njuci zonse, nasiya cikuni ciri kufuka, ndipo madzulo lupsa lapsereza chire. Wina awoloka Luangwa kulowa m'nkhalango yosungira nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, kumene kulowa wopanda cilolezo ndi mlandu, osanena za njobvu ndi njati. Ngakhale mng'oma wa khungwa upha mtengo umene ausenda. Njira yabwino ndi mng'oma wa matabwa wa timitanda pamwamba, umene munthu atsegula ndi utsi pang'ono, natengako zisa zokhwima, nasiya za ana. Bungwe la COMACO, limene linayamba nchito yace m'cigwa mwathu muno, liphunzitsa alimi njira imeneyi, ndipo ligula uci wao ndi kuugulitsa m'mizinda ndi dzina la It's Wild! Tikumbutsenso makolo olima thonje kuti mankhwala opopera apha njuci. Apopere madzulo njuci zitabwerera, ndipo cigubu cimene munali mankhwala cisasungirenso uci kapena madzi, ngakhale citatsukidwa kangati.

Pophika, uci uli ndi malamulo ace. Fulani zisa zimene njuci zamata ndi phula, pakuti uci wosakhwima uli ndi madzi ambiri ndipo usasa. Sefani ndi nsaru yoyera, osauwiritsa, ndi kusunga m'botolo louma lotseka bwino. Ukaundana ngati mcenga musautaye kapena kumnenera wogulitsa kuti anathira shuga. Ndiwo mkhalidwe wa uci weniweni, ndipo usungunuka mukaika botolo m'madzi ofunda. Uci utsekemera koposa shuga: pamene mukadathira kapu yodzala ya shuga mu cikondamoyo, thirani magawo 3 a magawo 4 a kapu, mucepetse madzi pang'ono, ndi kupungula makala, cifukwa uci upserera msanga. M'phala ndi mu tiyi thirani mutaphula. Ndipo lamulo lalikulu, limene ndipempha mulinene m'kalasi iri yonse ndi pa msonkhano uli wonse wa makolo, ndi ili: mwana wosakwanitsa miyezi 12 asapatsidwe uci, ngakhale wonyambita pa cala. Mu uci mungakhale timbeu ta tizirombo timene m'mimba mwa wamkulu sitiopsa, koma mwa khanda timera ndi kutulutsa poizoni wofoola thupi, kufikira mwana alephera kuyamwa ndi kupuma.

Caciwiri ndi cimera, ndipo ici ndico ndicikonda koposa, pakuti ndi sayansi yeniyeni yokhala m'licero la amai. Mapira kapena cimanga zikabviikidwa ndi kumera, mbeu idzutsa mphamvu yace yosandutsa ufa kukhala shuga, kuti kammera kadye. Amai aumitsa mbeuzo, nasinja, ndipo mphamvuyo ikhalabe mu ufa. Cifukwa cace thobwa litsekemera wopanda supuni imodzi ya shuga. Yesani izi ndi ana: phikani phala lolimba, mugawe m'makapu awiri, mulisiye lizizire kufikira cala cipirira, thirani kasupuni ka cimera m'kapu imodzi ndi kutakasa. Pasanapite nthawi phala la m'kapuyo lisungunuka ndi kuyamba kutsekemera, linzace liri cilimbire. Mukathira cimera m'phala lowira simudzaona kanthu, cifukwa moto upha mphamvuyo. Ana anga ataona ici anakhala cete monga sindinawaone ndi kale lonse. Phunziroli lipindulitsanso kunyumba. Amai ambiri asungunula phala la mwana wamng'ono ndi madzi, mwana nadzaza mimba ndi madziwo. Koma phala lolimba losungunulidwa ndi cimera limwedwa mosabvuta, cakudya conse ciri momwemo. Likasungunuka alibwezere pamoto liwire, ndipo mwana adye lisanagone.

Cacitatu ndi nzimbe ndi misale za m'madimba athu. Ana azidziwa potafuna, koma ndi ocepa adziwa kuti shuga wa m'paketi acokera m'madzi omwewo. Sendani nzimbe, muziduledule, musinje mu mtondo woyera ndi kufinya m'nsaru. Phikani madziwo tsiku lomwelo, pakuti m'kutentha kwa cigwa cino asasa msanga. Yengulani thobvu, musonkhezere moto wofatsa, kufikira makapu 10 atsala ngati 2 ndipo dontho litsika pa mthiko mocedwa. Amenewo ndiwo manyuci athu, a phala ndi zitumbuwa. Ndi shuga ndithu, ayenera kuyesedwa ndi supuni monga shuga wina ali yense. Koma sanakwere ndege, ndipo mwana amene wawaphika sadzaiwala kumene shuga acokera.

Cacinai, ndi coposa zonse pa umoyo, ndi zipatso ndi mbeu zotsekemera zokha. Nthoci zakupsa kwambiri, zimene tiyesa zaonongeka, zikakanyidwa ndi ufa zipanga zitumbuwa zosafuna shuga. Mbatata, imene ena ati kandolo, ikakhala masiku angapo itakumbidwa ndi kuphikidwa pa moto wofatsa, itsekemera koposa. Yofiira m'kati ipatsanso vitamini A, ndipo pamodzi ndi nsinjiro ikhala futali wokhutitsa mwana kufikira aweruka. Maungu acita cimodzimodzi m'phala. Mu Novembala ndi Disembala mango aolera pansi ndi kuitana njobvu m'midzi. Tikawalenga mopyapyala ndi kuwayanika pa thandala masiku a dzuwa, titaphimba ndi kansaru kuletsa nchenche, tidzakhala ndi maswiti a miyezi ya m'tsogolo. Masau ouma asinjidwa ndi kuthiridwa m'phala. Malambe ndi bwemba ndi zowawasa, koma zikoleretsa phala. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, ndipo popeza moto umuononga, madzi ace athiridwe phala litaphulidwa. Maiko a ku Ulaya analola ufa wa malambe kugulitsidwa kwao m'caka ca 2008, ndipo lero augula pa mtengo wapatali. Onani tsono: iwo aitanitsa malambe athu, ife tiri kusirira khonje wa ku Mexico.

Ndisanakhale pansi ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, m'cigawo cikudzaci mphunzitsi ali yense atume ana kukafunsa agogo ao maina a zipatso zonse zotsekemera za kwao, m'Cikunda ndi m'Cinyanja, ndi mwezi umene zipsa. Tilembe pa cipepala cacikulu pa khoma, ndipo pa msonkhano wa m'tsogolo tidzalinganize za ku Msoro ndi za ku Jumbe, za kwa Nsefu ndi za kwa Malama. Caciwiri, phunziro la masamu limodzi likhale la kuwerenga masupuni a shuga amene banja lidya pa tsiku ndi ndalama zace pa mwezi. Cacitatu, sukulu imene ili ndi mitengo patali ndi makalasi ndi njira za anthu ipangane ndi makolo ndi anyakwawa za kupacika mng'oma umodzi kapena iwiri, akulu odziwa njuci ndiwo aziyang'anira.

Mwina mufuna kudziwa za amai anga. Anabwerera ku cipatala ndi botolo lija, ndipo anawauza kuti kwa wodwala shuga uci, manyuci a nzimbe ndi a ku Mexico zonse ziwerengedwa pamodzi, asathire popanda uphungu wa a cipatala. Lero amwa tiyi wopanda kanthu, ndipo ati lilime linazolowera mwezi usanathe. Botolo liri pa shelefu m'kalasi mwanga, pambali pa dambe ndi kamtsuko ka cimera. Mwana watsopano akafunsa kuti ndi ciani, ndiitana mmodzi wa anyamata awiri aja kuti amfotokozere, ndipo afotokoza bwino koposa ine.