MWANO, CHIPONGWE NDI KULAULA

 

Ana athu obadwira mu Lusaka amatchula chonyansa chilichonse cha m'kamwa kuti kutukwana. Makolo athu sanatero ayi. Anasiyanitsa mawu, pakuti mlandu uliwonse unali ndi kulemera kwake.

Chipongwe ndi kupeputsa munthu mnzako. Chimatha ndi kupepesa, kapena nkhuku pabwalo. Mwano ndi waukulu koposa: ndiko kuderera mfumu, mizimu ya makolo, manda, kapena Chauta mwini. Ndi chifukwa chake omasulira Buku Lopatulika, lomwe linasindikizidwa mu 1922, anatenga mawu omwewa ponena za kunyoza Mulungu. Kulaula ndiko kutchula poyera zimene siziyenera kutchulidwa, ndipo akale ankaopa kuti kumaitana tsoka pamudzi. Kuulula mwambo ndiko kutulutsa za kudambwe kapena za kutsimba kwa osavinidwa.

Komatu tamvetsani apa. Pamaliro ku Leopards Hill timaona abale athu Abemba akutiseka ife a Kum'mawa, natipaka ufa, m'dzina la chimbuya. Kumudzinso adzukulu amachita nthabwala pamaso pa ofedwa, ndipo nyimbo za kuchinamwali zili ndi mawu amene sitingawaimbe pamsika. Palibe amene amati umenewu ndi mwano, chifukwa wolankhula ndi woyenera, malo ndi ake, nthawinso ndi yake. Koma mnyamata wovala chigoba cha Gule Wamkulu kuti aopseze anthu m'komboni ndi kupempha ndalama za mowa wachita mwano, ngakhale sanatukwane ndi mmodzi yemwe.

Atsamunda analetsa mwambo wa Kulamba mu 1934, koma unadzukanso ku Mkaika mu 1984. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko. Chimene chiletso chinalephera kupha, chisafe ndi kusadziwa kwa ana athu.

Choncho, makolo anzanga, mwana akalakwa, muuzeni dzina lenileni la cholakwa chakecho. Wodziwa kusiyana kwa chipongwe ndi mwano adzadziwanso poyenera kugwada ndi poyenera kuseka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.