NCHITO YENI-YENI NDI NCHITO YACABE

Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe

Tadza ndi funso limodzi: popeza anthu onse ofuna ndarama zathu afika ndi mau okoma, tidzazindikira bwanji mwini nchito yoona? Ife titi: nchito yoona iri naye woiweruza amene salandira cokometsera mlandu. Mlimi akanama, nkhokwe imtsutsa. Wosula akanama, khasu lithyoka m'munda, ndipo mwini khasu adziwa khomo lokadandaula.

Tiyambe ndi nkhani ya ku Ulaya. Mu mzinda wa Vienna munali cipatala cacikuru cokhala ndi zipinda ziwiri zocirira akazi. Cina cinali m'manja mwa madokotala ndi ophunzira ao, cina m'manja mwa azamba. Dokotala wina, Ignaz Semmelweis, anawerenga maliro, napeza kuti kwa madokotala kunkafa akazi ambiri koposa kwa azamba. Anaona kuti ophunzira ankacokera kong'amba mitembo, nadzagwira akazi ndi manja omwewo. M'caka ca 1847 analamula kuti onse azisamba m'manja ndi madzi a mankhwala a chlorine. M'mwezi wa April mwa akazi 100 anafa 18. Pofika July anali kufa ngati mmodzi yekha. Madokotala ambiri anakana mau ace cifukwa ca manyazi, koma manda sakanizika, ndipo lero dokotala ali yense asamba m'manja. Nchito ya udokotala inalimba cifukwa inalola kutsutsidwa ndi ciwerengero ca akufa.

Tsono tibwere kwathu kuno. M'zaka zoyamba za m'ma 1930 kunabuka a mcape, amene anayenda m'midzi ya Nyasaland, nafika ndi kwa Abemba ku Northern Rhodesia mu 1934. Ankandandika anthu, nawayang'ana pa kalilole, nasonkhanitsa nyanga, namwetsa mudzi wonse mankhwala, nati ufiti watha, ndipo wobwerera ku ufiti adzafa. Taonani kucenjera kwa mau awa. Mudzi ukakhala bwino, ndiye kuti mcape wagwira nchito. Munthu akafa, ndiye kuti anali mfiti, mcape wagwiranso nchito. Panalibe kanthu kocitika kamene kakadawatsutsa. Ndipo pofika tsiku la maliro, iwo anali atapita kale ku mudzi wina ndi ndarama zao, olira natsala ndi cisoni pamodzi ndi mbiri yoipa ya mbale wao. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace tipempha mafumu, inu osunga midzi, kuti munthu ali yense wodza ndi mankhwala, kapena malonda, kapena maphunziro atsopano, mumfunse zitatu pa bwalo. Coyamba: nchito yako ikalephera, tidzaona ciani? Caciwiri: tidzaciona liti? Cacitatu: tsiku limenelo tidzakupeza kuti, ndipo udzalipira ciani? Woyankha bwino mlandireni, ngakhale abvale nsanza. Wozemba mumperekeze ku malire, ngakhale aonetse makalata ambiri.

Muyeso womwewu utigwire ndi ife a Bungwe. Zimene tipangana lero zilembedwe m'buku, ndipo pa msonkhano ulinkudza mlembi aziwerenge poyera, wosunga cuma naonetse ndarama, kuti anthu aone ngati tinacita kapena tinangolankhula.